Palinga Mtima Mpomwepo? Maganizo ndi Kuchira kwa Wodwala Sitiroko

"Khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo." Mwambiwu ndi wa anthu oyenda pansi, amene ankadziwa kuti njira ya kumudzi siwongoka: imalambalala chulu, imazemba dambo, imakhota pamunda wa mwini, koma wapaulendo amene watsimikiza mtima amakafika ndithu. Masiku ano mawuwa amanenedwa kwa mwana amene walephera mayeso, kwa wamalonda amene mpamba wamuthera, ndiponso kwa wodwala. Mwa odwala onse, amene amawamva kawirikawiri ndi munthu wodwala sitiroko, yemwe dzulo anali ndi khasu m'manja, lero mkono ndi mwendo za mbali imodzi zafa. Odzazonda matenda amasinthanasinthana pamphasa, ndipo onse amasiya uthenga umodzi: "Limbani mtima, bambo, mudzayendanso." Uthengawu uli ndi choonadi chimene madokotala achitsimikizira. Ulinso ndi malire amene mwambi sutchula, ndipo malirewo akaiwalika, mawu olimbikitsa amasanduka mkwapulo.

Sitiroko imachitika magazi akasiya kufika mbali ina ya ubongo, mwina chifukwa mtsempha watsekeka, mwina chifukwa waphulika. Kawirikawiri umakhala watsekeka. Maselo a ubongo akasowa magazi amayamba kufa m'mphindi zochepa chabe, ndipo ntchito imene ankagwira imaima pomwepo. Mbali ya kumanzere ya ubongo ndiyo imayendetsa mbali ya kumanja ya thupi, ya kumanja n'kumayendetsa kumanzere, n'chifukwa chake ziwalo zimafa mbali imodzi. Chaka chilichonse anthu pafupifupi 12 miliyoni amadwala sitiroko padziko lonse. Kafukufuku amene anachitikira pa chipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre, wofalitsidwa mu 2016, anapeza kuti kuthamanga kwa magazi ndiko kunali patsogolo poyambitsa matendawa, koma kwa anthu a zaka 45 kutsika pansi kachirombo ka HIV ndiko kanali patsogolo. Choncho ambiri mwa odwalawo si nkhalamba zokha. Ndi anthu amene banja lonse limadya thukuta lawo.

Mmene thupi limachirira zimagwirizana ndi theka loyamba la mwambi mochititsa chidwi. Maselo amene afa sadzukanso. Chimene ubongo umachita n'kulambula njira zina: mbali zimene zatsala zimayamba kulumikizana mwatsopano ndi kutenga ina mwa ntchito za mbali yowonongeka. Uthenga wochoka ku ubongo kupita ku chala, umene kale unkadutsa msewu wowongoka, tsopano umayenda khotekhote. Njira zatsopanozi zili ngati kanjira ka m'thengo: kakapondedwa tsiku ndi tsiku kamakula, kakasiyidwa udzu umameramo. Zimatseguka msanga m'miyezi itatu yoyamba, kenako liwiro limachepa, ngakhale kuti kusintha kumatha kupitirira kwa zaka. Apa ndi pamene maganizo amalowera. Mtima sulumikiza mitsempha. Umangodzutsa munthu kuti ayese kugwira kapu kambirimbiri lero, mawa n'kuyesanso, pamene dzulo kapuyo inagwa n'kutaya madzi. Ubongo umachira ndi kubwereza, ndipo kubwereza kumafuna munthu amene akuona chifukwa chobwerezera.

Nkhani ya Pedro Bach-y-Rita, mphunzitsi wa pa City College ku New York, imatchulidwa kawirikawiri pofotokoza zimenezi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 anadwala sitiroko yaikulu imene inamuphera mbali imodzi ya thupi ndi kumulanda chilankhulo. Mwana wake George, amene ankaphunzira udokotala ku Mexico, anamutengera kumeneko n'kumuyambitsa ngati khanda. Anamuphunzitsa kukwawa, phewa lofookalo litatsamira khoma. Ankamuponyera ndalama zachitsulo pansi kuti atole ndi dzanja lodwala. Ankamupatsa mapoto kuti azitsuka, dzanja lamphamvu litagwira poto, lofookalo likuzungulira mkati. Anachita zimenezi maola ambiri tsiku lililonse, mpaka bamboyo anayenda, analankhula, nabwerera ku ntchito yake ya uphunzitsi. Patatha zaka zingapo anamwalira ndi matenda a mtima akukwera mapiri ku Colombia. Atapima thupi lake, madokotala anapeza kuti mbali yaikulu ya mitsempha yochoka ku ubongo kupita kumsana inali yowonongeka chiwonongekere. Msewu wakale sunakonzeke; bamboyo anafika podzera njira zina. Mwana wake wina, Paul Bach-y-Rita, anathera moyo wake akufufuza mmene ubongo umasinthira.

Kutaya mtima nako kuli ndi njira zake, ndipo thupi limakuphunzira. Edward Taub, katswiri wa ku America, anaona zimenezi pa anyani amene anawadula mitsempha yomvera kukhudza pa mkono umodzi. Anyaniwo ankausiya mkonowo ngati wakufa, chikhalirecho mitsempha yousunthira inali bwinobwino. Ankati akayesa kuugwiritsa ntchito amagwa kapena kutaya chakudya, choncho anaphunzira kusauyesanso. Koma atamangidwa mkono wabwinowo, anayambanso kugwiritsa ntchito uja anausiya. N'chimodzimodzinso kwa munthu. M'masabata oyamba dzanja limakanikadi. Wodwala amazolowera kuchita zonse ndi linalo. Mphamvu zikayamba kubwerera, chizolowezi chimakhala chitazika kale mizu. Pa mfundo imeneyi panachokera chithandizo chovekera dzanja lamphamvu chotchinga kuti lofookalo ligwire ntchito. Kafukufuku wa EXCITE ku America, wofalitsidwa mu 2006, anayesa njirayi pa odwala 222 amene anali atatha miyezi 3 mpaka 9 chidwalireni. Amene anachita mafizo otere kwa masabata awiri, maola ofika 6 patsiku, manja awo anasintha kwambiri kuposa a anzawo, ndipo kusinthako kunali kukuonekabe patatha chaka.

Chizolowezi chosiya dzanja chimaleredwa ndi chikondi cha pakhomo. Bambo wakhala pakhonde, nsima yafika. Akutambasula dzanja lofooka, zala zikunjenjemera, mbamu ikuphwanyika isanafike mu ndiwo. Mayi sangapirire kuona zimenezi; akusamba m'manja, akutema nsima, akumudyetsa. Mawa akumumangira mabatani, mkuja akumuveka nsapato, ndipo pakutha pa mwezi bamboyo sakutambasulanso dzanjalo. Palibe amene walakwa mwadala, koma tsiku lililonse wodwalayo walandidwa mpata woyesa, ndipo waphunzitsidwa kuti sangathe. Albert Bandura, mu 1977, anafotokoza kuti chikhulupiriro cha munthu chakuti angathe kuchita chinthu chimakula kwambiri pamene wachitadi kanthu kena n'kupambana, ndiponso pamene waona mnzake wofanana naye akupambana. Mawu olimbikitsa okha mphamvu yake ndi yochepa. Wodwala amene lero wakwanitsa yekha kufikitsa mbamu imodzi pakamwa walandira chinthu chimene odzazonda khumi sangamupatse. Pa chifukwa chomwechi, a mafizo salinga patali. Salankhula za kuchira kwathunthu. Amalinga pa kukhala tsonga osagwiridwa, kenako kuimirira, kenako kufika kuchimbudzi popanda wonyamula.

Mantha ndi nkhawa zimatseka njira mwakachetechete. Munthu amene anagwapo kamodzi pophunzira kuyenda amaopa kugwanso. Amachepetsa kuyenda, miyendo imafookeratu, ndipo tsiku limene aimirire amakhala pangozi yaikulu ya kugwa kuposa kale. Wina amaopa kuti akagwira ntchito iliyonse magazi athamanga ndipo sitiroko ibweranso, choncho amangogona, osadziwa kuti kuyendayenda koyenera ndi kumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi mosadumphitsa ndiko kumachepetsa ngoziyo. Palinso manyazi. Amene anali mkulu wa mpingo, mphunzitsi kapena woyendetsa kabaza wodziwika safuna kuti anthu amuone akukoka mwendo, malovu akutsika pakamwa popotoka. Amasankha kubindikira m'nyumba, ndipo nyumbayo imasanduka malire a dziko lake. Wodwala mmodzi mwa anayi kapena asanu alionse amakhala ndi nkhawa yofunika chithandizo. Mantha otere sachoka ndi kukalipira. Amachoka munthu akayenda mapazi atatu pali womugwirira, mawa asanu, mpaka thupi litakhulupirira kuti pansi sipothawa.

Kufikira apa mwambi waima bwino. Umayamba kugwedezeka pamene tafunsa kuti mtima ukunenedwawo uli pati. Mtima wa m'mwambi si uja umagunda pachifuwa. Ndi kufuna, kuyembekezera ndi kupirira, ndipo zonsezi zimakhala mu ubongo, chiwalo chomwecho chimene chavulala. Mwambi umaganiza za wapaulendo wamphumphu pa njira yokhota. Sitiroko imavulaza njira ndi wapaulendo yemwe. Maree Hackett ndi anzake atasonkhanitsa kafukufuku wa m'mayiko ambiri, mu 2005 komanso mu 2014, anapeza kuti pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu alionse amadwalanso matenda ovutika maganizo. Munthu wotere sakondwanso ndi chilichonse, tulo ndi chilakolako cha chakudya zimasokonekera, amadziona ngati katundu wolemetsa anzake, ndipo mwina amanena kuti bola kufa. Gwero lake ndi pawiri: kusintha kwa mu ubongo momwemo, ndi chisoni cha zimene zatayika, monga ntchito, ulemu ndi ufulu wodzisambitsa. Odwala otere sachita mafizo mokwanira, amadumphitsa mankhwala, amachira pang'ono, ndipo ambiri amamwalira msanga poyerekeza ndi anzawo. Kulumala kumabala kukhumudwa, kukhumudwa n'kumakulitsa kulumala. Kuuza munthu wotere kuti angolimba mtima n'chimodzimodzi kuuza mwendo wakufawo kuti ungoyenda.

Pali zina zimene achibale amaziona ngati ulesi kapena chibwana pamene zili mabala a ubongo. Ena amagwa mphwayi zodabwitsa: sali achisoni, sakudandaula, koma sangayambe chinthu paokha. Amatha kukhala pampando tsiku lonse, kapu ya madzi ili pafupi, osaitenga mpaka wina awauze. Mbali ya ubongo imene imayatsa chifuniro ndiyo yazima. Ena amatopa kosaneneka, kutopa kosatha ndi tulo, ndipo kumagwira pafupifupi theka la odwala. Kungosamba kokha kumawalanda mphamvu za tsiku lonse. Enanso amangolira kapena kuseka popanda chifukwa chokwanira, osatha kudziletsa, ndipo pochita manyazi amayamba kuthawa anthu. Mawu akuti "sakufuna kuchira" amagwera anthu amenewa kawirikawiri, ndipo amawagwera mopanda chilungamo.

Mwambi umalepheranso kumbali ina, pamene mtima walinga molimba koma molakwika. Mu 1914 dokotala wa ku France, Joseph Babinski, anafotokoza za odwala amene mbali yawo ya kumanzere yafa koma iwo sakudziwa n'komwe. Akafunsidwa amati ali bwinobwino. Akauzidwa kuti akweze mkono amati akweza kale, kapena amati angotopa. Sakunama, ndipo sakukana dala. Ubongo sukulandira uthenga wakuti china chasowa. Vutoli limabwera kwambiri sitiroko ikagwira kumanja kwa ubongo, ndipo limayendera limodzi ndi kusaona za kumanzere: munthu amadya nsima ya theka lakumanja la mbale n'kunena kuti yatha, amameta ndevu tsaya limodzi, amagunda chitseko ndi phewa. Wodwala wotere ali ndi chidaliro chochuluka, koma chidalirocho chimamudzutsa pabedi usiku n'kumugwetsa. Amene sitiroko yawagwira kumanzere kwa ubongo vuto lawo limakhala lina: kusokonekera chilankhulo, kumene pa odwala sitiroko onse kumagwira pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu alionse. Nzeru zilipo, mtima ukudziwa pamene walinga, koma mawu sakutuluka kapena akutuluka ena. Anthu amayamba kulankhula za iye iye ali pomwepo, ena n'kumati wazungulira mutu, ndipo kukhumudwa kumakula kwambiri pakati pa odwala amenewa.

Ofufuza anayesanso kuona ngati kukonza maganizo pakokha kungadzutse ziwalo. Mu 2011 kafukufuku wa FLAME ku France, wa odwala 118, anaonetsa ngati mankhwala a fluoxetine, othandiza ovutika maganizo, amathandizanso mkono ndi mwendo kuchira. Chiyembekezo chinali chachikulu. Koma kafukufuku wamkulu wa FOCUS ku Britain, wa odwala 3,127, amene zotsatira zake zinatuluka kumapeto kwa 2018, anapeza zosiyana: mankhwalawo anachepetsadi chiwerengero cha odwala matenda ovutika maganizo, kuchoka pa 17 kufika pa 13 mwa anthu 100 alionse, koma kuchira kwa thupi kunali chimodzimodzi, ndipo othyoka mafupa anachuluka. Changu nacho chili ndi malire. Kafukufuku wa AVERT wa mu 2015, wa odwala 2,104 m'mayiko asanu, anapeza kuti amene anadzutsidwa pabedi pasanathe maola 24 n'kuchititsidwa mafizo ambiri anachira mocheperapo poyerekeza ndi amene anayamba modekha. Ndipo kukula kwa bala kumalamulira zambiri: wodwala amene m'masiku atatu oyamba akutha kutambasula zala pang'ono ndi kukweza phewa amakhala ndi mwayi waukulu woti dzanja lidzagwiranso ntchito, pamene amene palibe chikusuntha mwayi wake ndi wochepa, ngakhale atalimba mtima chotani. Njira ya Taub ija inayesedwa pa okhawo amene zala zawo zinali zitayamba kale kusuntha.

Tanthauzo limene wodwala ndi abale ake amapereka ku matendawa limasankha njira imene atenge. Sitiroko imagwa mwadzidzidzi, munthu ali bwinobwino, choncho m'madera ambiri imaganiziridwa kuti ndi kulodzedwa kapena chilango. Maganizo amenewa amadya nthawi, pamene kumene kuli mankhwala osungunula magazi oundana amafunika kuperekedwa pasanathe maola anayi ndi theka, ndipo ngakhale kumene kulibe, kufika msanga kuchipatala kumapulumutsa moyo. Amadyanso ubale: munthu amene akukhulupirira kuti wamuchita ndi m'bale wake amathera mphamvu pa kukayikira ndi kuopa, ndipo saona chifukwa chotolera nyemba ndi zala zofooka pamene gwero la vuto lili kunja kwa thupi lake. Chipembedzo chimathandiza kwambiri pamene chikupatsa munthu chiyembekezo ndi anthu omuyendera. Chimavulaza pamene wodwala wauzidwa kuti asiye mankhwala, kapena kuti kusachira kwake ndi umboni wa chikhulupiriro chochepa.

Njira yeniyeni, ya fumbi ndi matope, nayo ili ndi mawu pa nkhaniyi. Malo ngati Kachere Rehabilitation Centre mu Blantyre alipo, koma akatswiri a mafizo ndi ochepa m'Malawi, ndipo ambiri ali m'mizinda. Wodwala wa kumudzi amafunika ndalama ya galimoto ya anthu awiri paulendo uliwonse, pamene amene ankabweretsa ndalamayo ndi yemwe wagona. Ngakhale m'mayiko olemera mpata wochitira mafizo umasowa: kafukufuku wa m'zipatala za ku Melbourne, wofalitsidwa mu 2004, anapeza kuti odwala sitiroko ankathera nthawi yopitirira theka la usana ali pabedi, ndipo nthawi yambiri anali okha. Kusiyira banja ntchito yonse nako si yankho lokwanira. Ku India, kafukufuku wa ATTEND wa mu 2017, wa odwala 1,250, anaphunzitsa achibale kuchititsa mafizo kunyumba, koma patatha miyezi 6 chiwerengero cha omwalira kapena odalira ena chinali chofanana ndi cha gulu limene silinaphunzitsidwe. Wosamalira wodwala nayenso ali ndi mtima umene umatopa. Mayi amene akutembenuza mwamuna wake usiku, kuchapa zofunda m'mawa ndi kupita kumunda masana amatha kudwala maganizo iye mwini, ndipo akafooka, wodwalayo amafookera pomwepo.

Mwina mwambi umapezanso mphamvu ukamvedwa mwa njira ina: pamene mtima walinga si thupi la dzulo, koma moyo umene thupilo linkatumikira. Louis Pasteur anadwala sitiroko mu 1868 ali ndi zaka 45. Mbali yake ya kumanzere sinachire kwathunthu. Anatsimphina mpaka imfa yake mu 1895, ndipo ntchito zambiri za manja ankazichita kudzera mwa omuthandiza. Komabe katemera wa chiwewe, amene anayamba kupulumutsa anthu mu 1885, anabwera patatha zaka 17 chidwalireni. Dzanja silinafike pamene linali, koma munthuyo anafika. Chimodzimodzinso telala amene sangasokenso angathe kudula nsalu ndi kuphunzitsa ena. Agogo amene sangasinjenso angathe kusankha nyemba, kulera zidzukulu ndi kuweruza nkhani za pabanja. Odwala amene amapeza udindo wina amakhala ndi chifukwa chodzukira m'mawa, ndipo chifukwa chimenecho n'chimene chimawachititsa mafizo. Kuvomereza zimene zatayika si kutaya mtima. Kumamasula mphamvu zimene zikanathera pa kulira dzulo.

Zimene zimathandiza, tsono, n'zodziwika. Maganizo a wodwala amafunika kufunsidwa monga mmene magazi amayezedwera, ndipo chisoni chikapitirira masabata awiri chosaphwa, kapena wodwala akayamba kulankhula zofuna kufa, nkhaniyo ndi ya kuchipatala. Uphungu ndi mankhwala zimathandiza. Zolinga zimafunika zikhale zazing'ono, zooneka, ndiponso zosankhidwa ndi mwini wake. Abale amathandiza kwambiri akamadikira pambali dzanja likuyesa, n'kulowererapo pokhapokha pamene lakanikadi. Wodwala amene sakulankhula amafunika kulankhulidwa naye mwaulemu wake wakale, pang'onopang'ono, funso limodzi pa nthawi, ndi kupatsidwa mpata woyankha ngakhale ndi mutu. Kukumana ndi ena amene anadwalapo n'kuyambanso kuyenda kumachita zimene uphungu wokha sungathe. Ndipo wosamalira amafunika womulandira, kuti naye agone.

Mwambi wa khotekhote ndi woona pa theka lake loyamba kuposa mmene eni ake ankadziwira, pakuti ubongo umachiradi podzera njira zokhota. Pa theka lachiwiri ndi woona mwa zina: mtima wolinga umachulukitsa kuyesa, ndipo kuyesa kumakulitsa njira, koma kukula kwa bala, nthawi, chithandizo ndi umphawi zimaikanso malire awo. Amene wachira pang'ono asaweruzidwe kuti analinga mofooka. Pa sitiroko, mtima si mankhwala okha. Nawonso ndi wodwala, ndipo umafunika kusamalidwa pamodzi ndi mkono ndi mwendo.